Myuziyamu ya ntchito zamanja ku Kyoto, Japan: n'kosungira luso kapena n'kumanda?

Thoko (Kyoto): Moni nonse apagulu. Amene mukuganiza zobwera ku Kyoto nyengo ya masamba ofiira ino, ndati ndikutsineni khutu za malo ena amene anthu ambiri amangowalambalala. Ku Okazaki, pafupi ndi chipata chofiira chachikulu cha kachisi wa Heian Jingu chija, pali holo yotchedwa Miyako Messe. Mukatsika masitepe kulowa chipinda cha pansi pa nthaka mupeza myuziyamu ya mzinda, Kyoto Museum of Crafts and Design. Muli mitundu 74 ya ntchito zamanja zimene mzindawu umati ndi zake: nsalu, mbale, zokupizira mphepo, zidole, makandulo, zingwe zoluka, mpaka maswiti ndi mowa wa sake. Polowa ndi mayeni 500, koma wovala kimono amalowa ulere. Kuchokera pa siteshoni ya Higashiyama, sitima ya Tozai, ndi mphindi ngati 10 wapansi.

Madalitso (Tokyo): Wovala chitenje bwanji? Ndikufunsira anzanga kkkk

Thoko (Kyoto): Kayeseni achimwene, mudzatiuza.

Mayi a Tadala (Osaka): Thoko mwanangu, tauzeni bwino. Ine mamyuziyamu ongoyang'ana zinthu pagalasi amanditopetsa miyendo. Muli chiyani chosiyana ndi kwinako?

Thoko (Kyoto): Amayi, inu poti mumasoka, mukapita simukafuna kutulukamo. Kusiyana kwake n'kwakuti sangokuonetsani chinthu chothaitha, amakuyalirani mmene chimayendera kuchoka poyamba. Palinso zina zololedwa kugwira, ndipo masiku ena pamakhala mmisiri akugwira ntchito pamaso panu.

Ine ndinakakamira pa nsalu za yuzen, zimene amasokera kimono zamaluwa zija. Silika amayamba ali woyera mbee. Munthu woyamba amajambula maluwa ndi madzi a duwa lina lobiriwira ngati mtambo, aobana, chifukwa utoto wake umasungunuka ukakhudza madzi, susiya chipsera. Wachiwiri amatenga kathumba kosongoka kokhala ndi kachitsulo kunsonga, n'kumafinya phala la mpunga womata motsatira mizere ija. Mzere wa phalawo ndi wowonda ngati ulusi, koma ntchito yake ndi yaikulu: umatchinga kuti utoto wofiira usadumphire kwa wachikasu. Wachitatu ndiye amapaka mitundu ndi kaburashi m'kati mwa mizereyo. Kenako nsaluyo amaifutsa pa nthunzi kuti utoto ugwire. Wina amaphimba maluwa onse ndi phala, wina amapaka utoto wa nsalu yonse ndi burashi yaikulu nsaluyo itakokedwa mamita 12 kapena 13, osalola kuti mbali ina ide kuposa inzake. Akachapa, phala lija limachoka, pamatsala timizere toyera tozungulira duwa lililonse. Pamapeto pamabwera womata golide ndi wopeta.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti awa si antchito a pa fakitale imodzi ayi. Aliyense ali ndi nyumba yakeyake, ndipo pali munthu wina amene ntchito yake n'kunyamula nsaluyo khomo ndi khomo n'kumaonetsetsa kuti zikutuluka mmene wogula anafunira.

Mayi a Tadala (Osaka): Eeee! Ndiye wopaka utoto uja sadziwa kufinya phala?

Thoko (Kyoto): Ambiri amakhala pa gawo limodzi moyo wonse. Alipo ena amene amachita okha magawo ambiri, koma mwambo wa ku Kyoto ndi wogawana.

aPhiri (Nagoya): Ndinalowamo chaka chatha ndi akazi anga. N'kokongola, sindikukana. Koma ine ndinatuluka ndili ndi chisoni, ndipo ndinena mosapsatira: malo amene aja ndi manda osesedwa bwino. Thoko, kugawana kumene mukuyamikirako ndi kumenenso kukupha ntchitoyi. Wofutsa nsalu pa nthunzi akakalamba n'kutseka, mwana wake ali pa ofesi ku Osaka, ojambula ndi opaka utoto onse aja ntchito yaima. Mu 1971 Kyoto inatulutsa mipukutu ya yuzen yoposa 16 miliyoni. Masiku ano sakufika ndi theka la miliyoni lomwe, ndipo yambiri mwa imeneyo akuidinda pa makina, ena mwa iwo a inkjet. Ndiye mukandionetsa kathumba ka phala pagalasi, ine ndimaona chithunzi cha malemu.

Madalitso (Tokyo): Madala abwera ndi nyimbo za pamaliro m'mawa uno

aPhiri (Nagoya): Chilungamo chimawawa, mphwanga.

Kondwani (Kyoto): Madala, manambala anuwo sindikutsutsa. Koma pa nkhani ya makina ndipemphe kusiyana nanu pang'ono. Timaganiza ngati ntchito zimenezi zinangokhala chimodzimodzi kuyambira 794 pamene Kyoto inakhala likulu, kenaka makina n'kudzaziwononga dzulodzuloli. Si mmene zinayendera. Mfumu itasamukira ku Tokyo mu 1869, amisiri a kuno anataya makasitomala awo akuluakulu, mzinda unatsala pang'ono kugwada. Mu 1872 boma la Kyoto linatumiza anthu atatu a ku Nishijin, dera la owomba nsalu, kupita ku Lyon ku France kukaphunzira makina a Jacquard, aja oyendera makadi obowolabowola. Nsalu za Nishijin zimene lero timaziona ngati mwambo weniweni zinapulumuka chifukwa cha makina achilendo. Yuzen nayonso inafika kwa anthu wamba nthawi yomweyo, atayamba kusakaniza utoto wa mankhwala wochokera ku Ulaya ndi phala n'kumadinda ndi mapepala odulidwa maluwa. Ndikukhulupirira analipo akuluakulu amene ankati zawonongeka.

aPhiri (Nagoya): Kusiyana kulipo. Jacquard inkafunabe munthu wodziwa ulusi. Inkjet ikufuna mnyamata wodziwa kompyuta basi.

Kondwani (Kyoto): Pamenepo mwanena zoona pang'ono. Komabe luso silifa nthawi zonse, nthawi zina limangosamuka. Kampani ya Shimadzu, imene makina ake tikuyezera zinthu mu labu mwathu, inayambitsidwa mu 1875 ndi munthu amene ankasula ziwiya za pa maguwa a Chibuda. Nintendo inayamba mu 1889 kuno ku Kyoto ikupanga makadi a njuga a hanafuda. Ndipo lero kuli owomba a ku Nishijin amene akuwomba nsalu zazikulu zokutira makoma a mahotela ndi masitolo odula a kunja.

aPhiri (Nagoya): Ndiye mwandithandiza kunena. Mdzukulu wa wosula akupanga makina a mu labu, wosula ziwiya palibenso. Kampani yapulumuka, dzanja lafa.

Mayi a Tadala (Osaka): Abambo inu, ine ndilowererepo ngati wogula. Vuto lalikulu ndi mtengo, komanso kuti chovalacho anthu anasiya kuvala. Anzanga a kuno amene ndimasoka nawo ku holo ya m'dera lathu, kimono amavala pa ukwati, pa mwambo wa atsikana ofika zaka 20, basi, ndipo ambiri amachita kubwereka. Ena sadziwa n'komwe kudziveka okha, amalipira munthu wowamanga lamba. Yatsopano yopaka pamanja ndi mayeni mazanamazana a masauzande. Koma pitani pa msika wa pa kachisi wa Toji pa 21 mwezi uliwonse, kapena wa Kitano Tenmangu pa 25, mukaone. Kimono za silika zili mulu pa tebulo, zina mayeni 1,000. Agogo akamwalira ana amangotulutsa zonse m'kabati. Ine ndinagulako ya shibori, ija yomanga timfundo. Ndinaitembenuza kunsi n'kuyamba kuwerenga timadontho pa mkono umodzi wokha, ndinalekera panjira. Kadontho kalikonse munthu anatsina nsalu ndi chala, n'kukulunga ulusi kangapo, n'kumanga, asanaviike mu utoto. Ukaisisita imakhala ya tizitundatunda, siyosalala. Yomangidwa thupi lonse imakhala ndi mfundo zoposa 100,000 ndipo imatha kudya chaka chathunthu kapena kuposa. Ine ndinaipeza pa mtengo wa mbale ya ramen, supu ya manudulo ija.

Thoko (Kyoto): Amayi, ndiye munaitani?

Mayi a Tadala (Osaka): Ndinaimasula n'kusoka bulauzi ndi zikwama ziwiri. Lumo linkanjenjemera m'manja, koma nanga ikanangokhala m'kabati kudikira njenjete?

aPhiri (Nagoya): Mwamva a Kondwani? Chaka chathunthu cha munthu, mtengo wa ramen.

Kondwani (Kyoto): Ndamva madala. Koma bulauziyo ikuvalidwa.

Yamikani (woyang'anira gulu): Zikukoma, pitirizani, bola tisakwezerane mawu. Funso langa kwa amene mwapitako: mafotokozedwe ali m'Chingerezi? Ena a ife zilembo za Chijapani za kanji zimatipweteka mutu.

Thoko (Kyoto): Alipo a Chingerezi achimwene, ndipo mavidiyo ake ngakhale osamva chilankhulo umatsatira, poti ndi manja amene akuyankhula. Si yaikulu, ola limodzi ndi theka likukwanirani ngati simuli ngati ine.

NaChisale (Sendai): Ndachedwa kulowa, ndinali ku ntchito. Mwakamba za nsalu, koma palibe wanena za mbale zakuda ndi zofiira zonyezimira zija, za urushi. Kwa ine nkhani ya aPhiri imaoneka bwino kwambiri pamenepo, ngakhale mathero ake ndi osiyana ndi mmene iwo akunenera.

Urushi si penti ayi, ndi utomoni wa mtengo. Kuno kumpoto, ku Joboji m'chigawo cha Iwate, ndi kumene kumachokera wambiri wa m'dziko muno. Mtengo umalimidwa zaka 10 mpaka 15. Ikakwana nthawi, kuyambira June mpaka cha mu October, wokanda amacheka timizere topingasa pa khungwa, masiku angapo alionse kamzere kena pamwamba pa kakale, n'kumakokolola madontho ndi kachitsulo kuthira m'kachitini ka khungwa. Mtengo umodzi umapereka magalamu ngati 200 okha, kapu imodzi, kenako amaudula kuti chitsa chiphukire. Tinapitako ndi anzanga a ku yunivesite, tinaona utomoniwo ukutuluka woyera ngati mkaka, pakangopita kanthawi wayamba kuda.

Chodabwitsa china, urushi suuma ndi dzuwa kapena mphepo. Umalimba ndi chinyezi. Akapaka mbale amaiika m'kabati ya matabwa yonyowetsedwa m'kati, chinyezi cha pakati pa 70 ndi 80 peresenti. Akatulutsa amakwecha, n'kupakanso, n'kubwezeranso m'kabati, kambirimbiri. Maluwa a golide aja, maki-e, amajambula ndi urushi womwewo kenako n'kuwaza fumbi la golide usanalimbe.

Madalitso (Tokyo): Ndinamva kuti umayabwa

NaChisale (Sendai): Chitedze n'chabwino achimwene, chimakusiya tsiku lomwelo. Uwu ukakukhudza uli wauwisi umatupa matuza mpaka sabata ziwiri. Mnzathu wina anangogwira khungwa lokandidwa, nkhope inatupa osaoneka maso. Koma ukalimba bwinobwino ulibe vuto, anthu amamweramo supu tsiku ndi tsiku.

Ndibwerere kwa aPhiri. Urushi woposa 90 peresenti umene akugwiritsa ntchito ku Japan ndi wogula kunja, makamaka ku China, chifukwa ndi wotchipa. Okanda a ku Joboji anatsala ochepa, okalamba okhaokha. Ndiye mu 2015 nthambi ya boma yoona za chikhalidwe inalamula kuti pokonza nyumba zakale zotetezedwa ndi boma, monga akachisi a ku Nikko, azigwiritsa ntchito urushi wa m'dziko muno. Mwadzidzidzi urushi unayamba kuperewera, mzinda wa Ninohe, kumene kuli Joboji, unayamba kuitana achinyamata kudzaphunzira kukanda, mitengo n'kumadzalidwa. Chimene chinadzutsa ntchitoyo si chisoni kapena galasi la myuziyamu, ndi oda.

aPhiri (Nagoya): Apo NaChisale mwayankhula. Ndi zimene ndikunena ine: luso limakhala moyo ngati pali wogula. Popanda wogula, ngakhale mumange myuziyamu ya golide.

Thoko (Kyoto): Komatu madala, wogulayo amachokera kuti? Ine ndisanalowe muja ndinkaona mbale ya urushi ya mayeni 15,000 pafupi ndi ya pulasitiki ya ku sitolo ya mayeni 100, zofanana maonekedwe, n'kumati awa ndi akuba. Nditaona matabwa aja atandandalikidwa, loyamba losapaka, lachiwiri lomatidwa nsalu m'mphepete, lachitatu lopakidwa dothi losakaniza ndi urushi, mpaka lomaliza lonyezimira, mtengo uja unayamba kumveka. Sindinagule mbale, thumba silinalole, koma ndinatuluka ndi timitengo todyera. Ndipo sitolo ili pomwepo potulukira, sanabise cholinga chawo. Myuziyamu ija ntchito yake n'kupanga ogula.

aPhiri (Nagoya): Timitengo tiwiri sitingalipirire mwana wa mmisiri sukulu.

Thoko (Kyoto): Anthu tikachuluka tingathe.

aPhiri (Nagoya): Mukachuluka mudzandiitane.

Madalitso (Tokyo): Nthabwala pambali, ine vuto langa ndi Kyoto ndi lina. Zinthu zambiri za kumeneko zinapangidwira mafumu, ansembe ndi anthu a ndalama a mwambo wa tiyi. Zinali zodula kuyambira kale, si lero. Mukabwera ku Tokyo kuno pitani ku Komaba, ku Nihon Mingeikan, myuziyamu ya ntchito zamanja za anthu wamba. Anaitsegula mu 1936 a Yanagi Soetsu, amene ankati kukongola kwenikweni kuli mu ziwiya za tsiku ndi tsiku zopangidwa ndi amisiri osatchuka, osalemba dzina pansi pa mbale. Umavula nsapato pakhomo, n'kuvala masilipasi, pansi pa matabwa, masitepe aakulu pakati. Muli mitsuko ya kumudzi, mbale za ku Korea, nsalu za ku Okinawa, majekete a alimi a kumpoto osokedwa ulusi wothithikana kuti atenthe. Timapepala tofotokozera ndi tating'ono dala, akufuna uyambe waona ndi maso usanawerenge. Ine kumeneko ndinamasuka kuposa ku Kyoto.

Kondwani (Kyoto): Ndimakukonda kumeneko, koma nkhani yake ili ndi kamchira. Mnzawo wa a Yanagi, woumba mbiya Hamada Shoji, mu 1955 boma linamuika m'gulu loyamba la amisiri otchedwa chuma chamoyo cha dziko. Lero mbale yake simungaigule ndi malipiro a mwezi. Gulu lotamanda amisiri opanda dzina linatulutsa mayina odula kwambiri.

Madalitso (Tokyo): Koma woumba mnzawo Kawai Kanjiro anakana ulemu umenewo

Kondwani (Kyoto): Anakanadi. Ndipo nyumba yake ili konkuno ku Kyoto, ku Gojozaka, inasanduka myuziyamu. Amene mukubwera muiphatikize pa ulendo. Kuseri kwa nyumbayo kuli ng'anjo yokwera phiri, zipinda zotsatizana chokwera, moto ukayatsidwa m'munsi umakwera wokha chipinda ndi chipinda. Oumba a m'deralo ankaigwiritsa ntchito mogawana. Inazima mu 1971 chifukwa cha malamulo oletsa utsi mumzinda. Nthawi yomweyonso ndi pamene analetsa kuchapa nsalu za yuzen mu mtsinje wa Kamo, poti utoto ndi phala zinkaipitsa madzi. Okalamba amanena kuti mtsinje unkasintha mtundu.

Mayi a Tadala (Osaka): Amene amati chuma chamoyowo boma limawapatsa chiyani? Kapena ndi satifiketi chabe?

Kondwani (Kyoto): Mayeni 2 miliyoni pa chaka amayi, kuti aziphunzitsa owalowa m'malo ndi kupitiriza luso lawo. Palinso lamulo lina la 1974 limene limazindikira ntchito za m'madera. Kuti ilowe m'kaundula iyenera kukhala ya chinthu chogwiritsa ntchito pa moyo wa tsiku ndi tsiku, gawo lalikulu likhale la pamanja, njira yake ikhale ya zaka 100 kapena kuposa, ndipo pakhale gulu la amisiri m'dera limodzi, osati munthu mmodzi. Zalembedwa zoposa 200 dziko lonse. Mukaona kachizindikiro kokhala ndi kadontho kofiira pa katundu mu sitolo, ndi kameneko.

aPhiri (Nagoya): 2 miliyoni pa chaka ndi yochepa kuposa malipiro a mnyamata wongoyamba kumene ntchito pa fakitale yathu. Ndipo wophunzirayo adya chiyani zaka zonse akuphunzira? Ine ndinacheza ndi mnyamata wina amene anasiya kuphunzira zoumba n'kubwera kwathu kudzagwira ntchito ya shifiti. Akuti zaka zoyamba ankangokanda dothi ndi kusesa, ndalama yosakwana lendi. Sanasiye chifukwa chodana ndi dothi, anafuna kukwatira.

Yamikani (woyang'anira gulu): Zikundikumbutsa OVOP (One Village One Product), ija yoti mudzi uliwonse ukhale ndi katundu wake wodziwika naye. Paja inachokera konkuno, ku Oita, bwanamkubwa Hiramatsu anaiyambitsa mu 1979, kwathu n'kudzaitenga mu 2003. Koma imeneyo tiitsegulire tsiku lake, ikayamba pano sitigona.

NaChisale (Sendai): Musanatseke, pali gawo limene ngakhale mu myuziyamu anthu amalidutsa, ndipo ndi limene ine limandidetsa nkhawa kuposa amisiri enieniwo: opanga zipangizo. Timipeni tokandira mtengo wa urushi ndi topindika mwapadera, ndipo kwa zaka zambiri dziko lonse linkadalira wosula mmodzi wa ku Aomori. Boma linazindikira vutoli mu 1975, linayamba kuteteza padera maluso othandizira ngati amenewa. Mu 2020 UNESCO italemba maluso osamalira nyumba zamatabwa za ku Japan, kukanda ndi kuyenga urushi zinalowa nawo, pamodzi ndi kusula golide wopyapyala wa ku Kanazawa. Thoko, munaiona burashi yopakira urushi?

Thoko (Kyoto): Yafulati ija yooneka ngati kathabwa? Ndinaiona achemwali, koma sindinaisamale.

NaChisale (Sendai): Ndi tsitsi la munthu limenelo. Amalilimbitsa ndi urushi, n'kulipanikiza pakati pa timatabwa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Nsonga ikatha amasema thabwalo ndi mpeni, tsitsi latsopano n'kutulukira, mmene timasongolera pensulo. Ubweya wa nyama umasiya mizere pa mbale, tsitsi la munthu silisiya. Opanga maburashi amenewa atsala owerengeka ndi zala za dzanja limodzi.

Mayi a Tadala (Osaka): Tsitsi la munthu?! Ndiye supu ija ndakhala ndikumwera...

NaChisale (Sendai): Silitsalira m'mbale amayi kkkk. Ngakhale kafumbi kamodzi kakagwera amakachotsa ndi nsonga ya nthenga urushi usanalimbe.

Madalitso (Tokyo): Ndiye amagula? Ndili ndi dread za zaka zambiri pano, lendi ya Tokyo yandikwana

NaChisale (Sendai): Amafuna lalitali, lowongoka, losapakidwa mankhwala, ndipo amaliumitsa zaka lisanagwire ntchito. Zanuzo achimwene sungani.

aPhiri (Nagoya): Ndipo mukapita kumeneko mukafunse zaka za opanga maburashiwo, mudzatiuze pano.

Kondwani (Kyoto): Mmodzi mwa iwo ndi mayi wachitsikana amene anachita kukaphunzira kwa nkhalamba, madala. Si wa m'banja la amisiri n'komwe.

aPhiri (Nagoya): Mmodzi.

Kondwani (Kyoto): Eya, mmodzi. Thoko, mawa mukadutsa ku labu mundibwerekeko kabuku kamene munatenga pakhomo paja, ndikufuna ndione masiku amene wopaka urushi amabwera.